Manja anga ndiziwatani ndikaimirira kulankhula pagulu?

Mdzukulu wa mtchona, Mufakose

Ndikupereka moni kwa akuluakulu ndi anzanga nonse. Ine ndinabadwira konkuno ku Harare, koma agogo anga aamuna anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Iwo ndi anzawo a kumudzi anayambitsa sosaite ya maliro pofuna kuti mtchona akamwalira kuno asaikidwe ngati munthu wopanda abale. Chaka chino sosaite imeneyi inandisankha kukhala mlembi, motero pamaliro alionse a membala ndimaimirira kuwerenga chipepeso, kufotokoza mwachidule mbiri ya malemu ndi kuthokoza anthu amene abwera kudzakhuza.

Mwezi watha tinakaika m'modzi mwa akuluakulu athu kumanda a Granville, amene tonse timangoti ku Mbudzi. Mawu ndinawakonza bwino usiku wa pasiwa, ndipo pamene ndinkalankhula ndinaona ngati zonse zikuyenda. Titabwerera kunyumba, anthu atasamba m'manja pachipata n'kuyamba kulandira chakudya, azakhali anga anandikodola n'kupita nane kuseri kwa nyumba. Sanakalipe, koma nkhope yawo inali yakugwa. Anandiuza kuti ndinaloza manda ndi chala pamene ndinkanena kuti akazi a malemuwo anagona chapafupi pomwepo, ndiponso kuti chala chomwecho ndinalozera malume a banjalo powathokoza. Koma chimene chinawawawa mtima koposa ndi chakuti potchula mwana wamng'ono amene malemu ankalera, ndinaonetsa msinkhu wake chikhatho changa chitayang'ana pansi, monga mmene munthu amaonetsera kutalika kwa mbuzi. Ine sindinadziwe n'komwe kuti dzanja langa lachita zonsezi, chifukwa nzeru zanga zonse zinali pa mawu.

Patapita masabata awiri tinali ndi msonkhano wa sosaite, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ulendo uno manja anga sadzandichititsanso manyazi. Ndinawaika kumbuyo, lina litagwira linzake, ndipo sindinawamasule mpaka kumapeto. Chodabwitsa ndi chakuti mawu anauma. Lipoti la ndalama limene ndinalilemba ndekha ndipo ndinkalidziwa pamtima linayamba kundithawa, ndinkabwereza chiganizo chimodzi kawiri katatu, mpaka atcheya anandipempha mwaulemu kuti ndingowerenga zimene zili papepala.

Mwezi wamawa banja lomwe lija likuvundukula chiliza cha akazi a malemuwo, ndipo andipempha kuti ndikalankhulenso. Kudzakhala Achewa, Ayao ndi abale a Chishona amene anakwatirana ndi banjali. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuimirira pamaso pa anthu. Kodi manja ndiziwaika pati? Nanga ndingadziwe bwanji kuti apa dzanja likuthandiza mawu, apa likuwononga? Ndikawamasula ndikulakwira anthu, ndikawamanga ndikusowa chonena.

Mkulu wa mpingo, Highfield

Bambo mlembi, poyamba muwathokoze azakhali anu chifukwa chokutengerani kuseri m'malo mokudzudzulirani pa anthu. Ambiri amene anaona zimenezo tsiku lija anangokhala chete n'kukazikamba kunyumba kwawo, koma iwo anasankha kukuuzani inuyo.

Zitatu zimene anakuuzanizo sizilemera mofanana. Za kuloza manda, tonse tinakula tikuopsezedwa kuti chala chimene chaloza kumanda chimapindika. Titakula tinazindikira kuti chala sichipindika ayi, koma mwambowo unkaphunzitsa mwana kuti kumanda si pamalo wamba, ndipo ogona kumeneko ndi anthu, si mizere ya mbatata. Pakakhala chifukwa chosonyezera manda, akuluakulu amangotembenuzira mutu komweko, kapena amasonyeza ndi dzanja lonse lili chapansi, zala zitapindidwa. Kuloza munthu wamoyo ndiye kumandikhudza kwambiri, chifukwa chala chamkombaphala ndi chala cha mlandu. Chichewa chathu chomwechi chimati anthu akulozana zala pamene akunenezana, ndipo mneneri Yesaya, pa mutu 58 ndime 9, anaika kuloza chala pamodzi ndi goli ndi kulankhula zoipa, monga zinthu zoyenera kuchotsedwa pakati pa anthu. Tsono pakamwa panu pankatuluka mawu othokoza, pamene dzanja lanu linkawaimba mlandu malumewo. Mukafuna kusonyeza munthu wamkulu, tambasulani dzanja lamanja lonse, chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati mukupereka kanthu, muweramitse mutu pang'ono, kenako mulibweze. Za msinkhu wa mwana, azakhali sananame. Chikhatho choyang'ana pansi chimaoneka ngati chikupsinja mutu wa mwanayo kuti asakule, n'chifukwa chake timachisiyira ziweto. Msinkhu wa munthu timauonetsa zala zitaloza kumwamba, kumene mwanayo akupita.

Koma pamene mwafika pomanga manja kumbuyo, pamenepo ndiye mwapitirira. Ine ndaimirira paguwa zaka zambiri mu mpingo wa CCAP, umene ntchito yake kuno inayamba mu 1912 potsata anthu athu amene anabwera kudzagwira ntchito, ndipo unakhala sinodi payokha mu 1965. Alaliki akale amene ndinawapeza sankaponya manja mwachisawawa, koma sindinaonepo ngakhale m'modzi amene ankawabisa. Werengani buku la Machitidwe a Atumwi muone mmene mlembi wake ankasamalira kutchula dzanja la Paulo. Pa mutu 13 ndime 16, ali m'sunagoge ku Antiokeya wa ku Pisidiya, anaimirira n'kukweza dzanja asanayambe kulankhula. Pa mutu 21 ndime 40, ataima pamakwerero ku Yerusalemu pamaso pa khamu limene linkafuna kumupha, anachita chimodzimodzi ndipo anthu anakhala chete. Pa mutu 26 ndime 1, pamaso pa mfumu Agripa, anatambasula dzanja n'kuyamba kudziteteza, ngakhale kuti mutu womwewo ukutiuza kuti anali m'maunyolo. Ngati wandende sanabise dzanja lake pamaso pa mfumu, inu mulibisirenji pamaso pa abale anu?

Chimene ndimauza achinyamata amene akuphunzira kulalikira ndi chakuti manja azikhala ndi kwawo. Kwawo kwa manja ndi chapamchombo, lina litakhala mopepuka pa linzake, zigongono zitatalikira pang'ono ku nthiti. Dzanja lizichoka pamenepo likakhala ndi ntchito, likatha ntchitoyo libwerere. Munthu amene manja ake alibe kwawo ndi amene amapezeka akukanda m'mutu, akukonza tayi, akuseweretsa makiyi. M'thumba musawaike, chifukwa akuluakulu amawerenga kunyada. M'chiuno musagwire, chifukwa ndi kaimidwe ka munthu amene akuyembekezera ndewu. Kupinda manja pachifuwa kumaoneka ngati mwakana kale zimene anthu sananene, ndipo kuika manja kumutu kapena m'khosi tonse tikudziwa kuti ndi kwa namfedwa amene chisoni chamugonjetsa.

Musaiwalenso kuti mwambo uliwonse uli ndi muyeso wake. Pamaliro ndi pachiliza manja asapitirire mapewa, aziyenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri azikhala kwawo kuja. Pachinkhoswe kapena paukwati mukhoza kuwatambasula mpaka anthu a kumbuyo awaone. Ndipo musanatsegule pakamwa, weramani pang'ono n'kuomba m'manja mofatsa kupempha malo kwa akuluakulu. Kuomba kumeneko kumachotsanso kunjenjemera, chifukwa manja amakhala atayamba kale ntchito mawu asanatuluke.

Mphunzitsi wopuma, Mabvuku

Achimwene, ine ndikufuna kuyankha mbali yachiwiri ya funso lanu, ya mawu amene anauma, chifukwa ndikuona kuti mukudziimba mlandu pa chinthu chimene chimachitikira munthu aliyense. Ndaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo kale tinkawalamula kuti akaimirira kuyankha funso manja azikhala m'mbali ngati asilikali. Ndinazindikira mochedwa kuti mwana yemweyo amene ankachita chibwibwi ataima chilili ankafotokoza bwinobwino panja, manja ake akuyenda.

Anthu ophunzira anafufuza zimenezi. Mu 1998, Jana Iverson ndi Susan Goldin-Meadow anafalitsa zimene anapeza pa ana amene anabadwa osaona. Ana amenewa sanaonepo munthu akuyendetsa manja chibadwire, komabe ankayendetsa manja polankhula mofanana ndi anzawo oona. Pofotokoza za madzi othiridwa kuchokera m'chikho china kupita m'china, ankapinda dzanja ngati lagwira chikho n'kulipendeketsa m'malere, ndipo ankatero ngakhale pamene wowamvetserayo analinso wosaona. Apa pakuoneka kuti dzanja silitumikira womvera yekha, limatumikiranso wolankhula. Inunso mwaonapo munthu ali pafoni m'kombi akulozera njira ndi dzanja kwa munthu amene ali ku Chitungwiza. Mu 2001, Goldin-Meadow yemweyo ndi anzake a ku yunivesite ya Chicago anapempha ana ndi akuluakulu kuti asunge m'mutu mawu kapena zilembo zingapo kwinaku akufotokoza mmene apezera yankho la samu. Pamene analoledwa kugwiritsa ntchito manja anakumbukira zambiri kuposa pamene analetsedwa. Tsono inu tsiku la msonkhano lija munasenza akatundu awiri, lipoti la ndalama ndi ntchito yolondera manja anu, ndipo mutu unatula m'modzi.

Chinenero chathu chomwechi chinamangidwa pamodzi ndi dzanja. Tikamawerenga timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, chifukwa dzanja limodzi latha ndipo tayamba kubwereka zala za linzake. Tili ndi apa, apo ndi paja, uyu, uyo ndi uja, ndipo mawu ngati chonchi kapena chotere alibe tanthauzo pokhapokha dzanja litaonetsa. Yesani kunena kuti dengu linadzaza kuti tho, kapena kuti mwana anagwa kuti khu, manja ali kumbuyo, muone ngati mawuwo angatuluke ndi mphamvu yake. Agogo anga aakazi, amene anachokera ku Ntcheu, akamatisimbira nthano madzulo ankaimika zala ziwiri n'kuzigwedeza pang'ono, ndipo tonse tinkaona makutu a Kalulu akumvetsera kuseri kwa chulu asanatchule n'komwe dzina lake. Akafika pa Njovu mkono wonse unkalendewera kuchokera paphewa. Sanaphunzire zimenezo kwa munthu, koma ankaiona nkhaniyo m'maso mwawo ndipo dzanja linkangotsatira.

David McNeill, amenenso anali wa ku Chicago, anagawa kayendedwe ka manja m'magulu anayi, ndipo kugawa kwake kwandithandiza kuona pamene vuto limakhala. Pali manja ojambula chinthu chooneka, monga kukula kwa nsomba kapena kukhota kwa msewu. Pali manja oimira ganizo losaoneka, monga pamene munthu atambasula zikhatho ziwiri ngati sikelo poyerekeza mbali ziwiri za nkhani. Pali manja olozera, ndiponso pali manja ongogunda motsatana ndi mawu ngati ng'oma. Mukayang'anitsitsa zimene azakhali anakuuzani, ziwiri zili m'gulu lolozera ndipo chimodzi chokha ndi chojambula. Simukufunika kuletsa manja onse, mukufunika kukonza kalozedwe ndi chizindikiro chimodzi cha msinkhu. Gulu logunda lija ndi limene limatopetsa anthu likachuluka, chifukwa munthu akamamenya mpweya pa liwu lililonse, omvera sadziwanso kuti liwu lofunika ndi liti. M'lipoti la ndalama, lolani dzanja litsike kamodzi pa ndalama imene yatsala m'thumba la sosaite, osati pa nambala iliyonse.

Ndikuchenjezeninso za chiphunzitso chimene chafala m'misonkhano yophunzitsa utsogoleri, chakuti mawu amanyamula 7 peresenti yokha ya uthenga, kamvekedwe ka mawu 38 peresenti, ndipo thupi 55 peresenti. Manambala amenewa anachokera ku kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, amene ankayesa mmene anthu amadziwira ngati wina akuwakonda kapena ayi pomva liwu limodzi lokha ndi kuona nkhope pachithunzi. Mwiniwakeyo ananena kuti manambalawo sakhudza kulankhula kwa mtundu uliwonse. Zikanakhala zoona, bwenzi munthu wosamva Chichewa akumva mbiri yonse ya malemu pongokuyang'anani. Mawu anu ndi amene anyamula uthenga, ndiye musawapeputse chifukwa cha nkhawa ya manja.

Pamodzi pokha ndikusiyana pang'ono ndi abambo a ku Highfield. Malangizo awo onse ndi oona, koma mukawatenga onse nthawi imodzi n'kukaimirira mukuwerenga m'mutu kuti m'thumba ayi, m'chiuno ayi, pachifuwa ayi, mudzaumanso ngati tsiku lija. Musaloweze kayendedwe ka manja pagalasi, chifukwa dzanja loloweza limachedwa ndipo anthu amaona kuti ndi lochita kupanga. M'malo mwake, lankhulani mawu anu mokweza kwa munthu wamoyo kunyumba, wina akujambuleni pafoni, kenako muonere kanemayo mutatseka mawu. Mudzaona chizolowezi chimodzi chimene chikubwera kawirikawiri. Limbanani ndi chimenecho chokha sabata imeneyo, ndipo musachiletse chabe, chipatseni cholowa m'malo. Nthawi iliyonse imene chala chafuna kutuluka chokha, zala zinzake zituluke nacho, ngakhale pamene mukulozera mwana pamene pali mchere. Pofika tsiku la chiliza dzanja lidzakhala litazolowera, ndipo mutu wanu udzakhala pa malemu ndi pa anthu.

Mayi wa malonda, Mbare

Bambo mlembi, ine si wolankhula pamisonkhano, koma ndagulitsa pa Mbare Musika kwa nthawi yaitali, ndipo pamsika dzanja ndi theka la malonda. Ndikufuna kuonjezera chinthu chimene anzangawa sanachitchule, chimene munthu wokhala mu Harare sayenera kuchiiwala. M'dziko muno dzanja lokwezedwa lili ndi eni ake. Nkhonya yokwezedwa m'mwamba anthu amaidziwa kuti ndi ya chipani cha ZANU-PF. Chikhatho chotambasula choyang'ana kwa anthu chakhala chizindikiro cha MDC kuyambira pamene chipanicho chinayamba mu 1999. Chala chimodzi choloza kumwamba chinatengedwa ndi chipani cha CCC mu 2022. Ngakhale kumudzi ku Malawi, chipani cha UDF chizindikiro chake ndi manja ogwirana. Tsono mlaliki akhoza kukweza chala akunena za Mulungu m'modzi, kapena mlembi akhoza kukweza chikhatho pofuna kuti anthu akhale chete, koma masiku ano pamwambo uliwonse pali mafoni, ndipo chithunzi chikafika pa WhatsApp chimapita chopanda mawu amene munkanena. Sosaite ya maliro imaika anthu a zipani zonse, ndipo sizingakhale bwino kuti wina aganize kuti mlembi wake waonetsa mbali. Uphungu wa abambo a ku Highfield woti manja asapitirire mapewa uli ndi phindu lachiwiri pamenepa. Mukafuna kuti anthu akhale chete, tsitsani zikhatho zonse ziwiri pang'onopang'ono chapamimba ngati mukukhazika mtsuko pansi, ndipo palibe amene adzakuwerengeni molakwa.

Za abale a Chishona, ine ndinakwatiwa m'banja lawo, ndiye ndikunena zimene ndimaziona tsiku ndi tsiku. Kwa iwo kuomba m'manja ndi moni, ndi kuthokoza, ndiponso ndi kuvomera. Amuna amaomba manja atalunjika kutsogolo, zala zikukumana ndi zala, pamene amayi timaomba mopingasa, chikhatho china chitadutsa pa chinzake. Inu monga bambo ombani mwachimuna, chifukwa mukapingasa adzaona, ngakhale sadzanena kanthu. Mukatchula banja lawo kapena mtupo wawo, umene ife timati mfunda, powathokoza, mudzamva akuyamba kuomba. Pamenepo musapitirize kulankhula ngati simukumva. Imani, muyankhe ndi manja anu, kuombako kuthe, ndiyeno mupitirize. Achinyamata ambiri amalakwa pamenepa chifukwa maso awo amakhala papepala.

Chomaliza ndi cha ndalama. Chipepeso, chimene iwo amati chema, chilandireni ndi manja awiri, kapena ndi lamanja, lamanzere litagwira pamkono, ngakhale wopereka atakhala mwana ndipo ndalamayo ndi yochepa. Musalankhule mukugwedeza ndalama kapena envelopu m'manja. Ndinaonapo bambo wina akulozera anthu ndi ndalama za chipepeso pamene ankawerenga mayina, ndipo amayi amene ndinakhala nawo pamphasa anaweramitsa mitu onse.

Womasulira mawu kutchalitchi, Dzivarasekwa

Popeza padzakhala anthu a zinenero ziwiri, n'kutheka kuti mudzalankhula ndi womasulira pambali panu, ndiye ndinene zimene ndimakumana nazo Lamlungu lililonse pomasulira kuchokera m'Chichewa kupita m'Chishona. Munthu akamalankhula mwachibadwa, dzanja limafika pachimake pamodzi ndi liwu lofunika kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo sikawirikawiri kuti lifike m'mbuyo. Adam Kendon, amene anathera moyo wake akufufuza za manja, analemba zimenezi kalekale. Vuto la kumasulira ndi lakuti theka la anthu limaona dzanja lanu tsopano, koma mawu ake limawamva pambuyo pake kuchokera kwa ine. Mukanena kuti malemu anasiya ana anayi n'kuonetsa zala zinayi, kenako n'kutsitsa dzanja nthawi yomweyo, amene akudikira Chishona amaona zala zopanda nkhani. Lisiyeni dzanjalo pomwepo mpaka womasulira amalize chiganizocho. Chimodzimodzi mukatambasulira dzanja kwa munthu amene mukumuthokoza, dikirani kuti amve m'chinenero chake kuti mukumunena ndi iyeyo. Onetsetsaninso kuti zala zikugwirizana ndi pakamwa, chifukwa mukanena zinayi n'kuonetsa zitatu, anthu amakhulupirira zala.

Mukapatsidwa maikolofoni, igwireni ndi dzanja lamanzere, ikhale pansi pa chibwano osasuntha, ndipo lamanja likhale lomasuka. Olankhula ambiri amayendetsa dzanja limene lagwira maikolofoni, ndipo mawu amazimirira pa liwu lomwe ankafuna kulitsindika. Ngati muli ndi pepala, lembani mitu yokha pa kakhadi kakang'ono kolimba, chifukwa pepala lalikulu limaulula kunjenjemera kwa dzanja mpaka kwa anthu a kumbuyo.

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013, pa gawo 6, amavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa chathu chili momwemo pamodzi ndi chinenero chamanja. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu ena amasokoneza zinthu ziwirizi. Chinenero chamanja ndi chinenero chathunthu chokhala ndi mawu ndi malamulo ake, pamene manja amene tikukambirana pano amangoperekeza mawu a pakamwa. Pakakhala m'bale wosamva amene wabwera ndi womumasulira, musaime pakati pawo, ndipo musayese kutsanzira zizindikiro zawo ngati simunaziphunzire.

Mdzukulu wa mtchona, Mufakose

Ndathokoza kwambiri nonse, ndipo ndayamba kale kuyesa. Dzulo madzulo mwana wa mlongo wanga anandijambula pafoni ndikulankhula kwa amayi anga pakhonde, ndipo titaonera opanda mawu monga ananenera amayi aphunzitsi, ndinaona chinthu chimene palibe anandiuzapo. Kumapeto kwa chiganizo chilichonse ndimagogoda pepala ndi chala chamkombaphala, ngati munthu amene akulonjerera ngongole. Ndinawerenga kasanu ndi kawiri m'mphindi ziwiri zokha. Sabata ino ndilimbana ndi chimenecho, ndipo pepalalo ndalisintha kukhala kakhadi. Ndinapitanso kwa azakhali kukawathokoza, ndipo anandigwira dzanja n'kulitembenuza okha kuti ndione mmene msinkhu wa mwana amauonetsera. Anandiuza kuti agogo anga akamalankhula pamaliro ankagwira chipewa chawo ndi manja awiri chapamimba, ndipo dzanja lamanja linkachoka pachipewapo pokhapokha akamatchula munthu.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa abambo a ku Highfield. Banja landipempha kuti nsalu ikachotsedwa ndidzawerenge mawu olembedwa pachiliza. Kodi ndidzasonyeze bwanji zolembazo popanda kubwereza cholakwa chija choloza manda?

Mkulu wa mpingo, Highfield

Mwana wanga, pamenepo simudzafunika kusonyeza kanthu, chifukwa nsalu ikachotsedwa maso a anthu onse adzakhala ali kale pamwalapo. Imani pambali pa chiliza, osati kutsogolo kwake, kuti musatchingire anamfedwa. Yembekezani kuti mwini mbumba kapena amene banja lamusankha amalize kuchotsa nsaluyo ndipo amayi akhale bata. Kenako weramani pang'ono, muwerenge dzina ndi zaka mosathamanga, manja onse awiri atagwira kakhadi kanu chapamchombo monga agogo anu ankagwirira chipewa. Ngati womasulira alipo, mupatseni mpata pambuyo pa mzere uliwonse. Mukamaliza, tembenukirani kwa ana a malemu, ndipo pamenepo dzanja lamanja likhoza kuchoka pakakhadi n'kutambasukira kwa iwo, chikhatho chili m'mwamba, pamene mukuwatchula m'modzim'modzi kuyambira wamkulu.